Galu Akakalamba Asatayidwe

M'midzi ndi m'matauni a dziko lino muli khalidwe lina limene anthu analizolowera kotero kuti salionanso ngati cholakwa. Galu akakhala wamphamvu, waliwiro ndi wa mawu aakulu, banja lonse limamnyadira, ndipo mwini wake amamtchula dzina pamaso pa alendo. Koma zaka zikapita, imvi zikayamba kuoneka kukamwa kwake ndi miyendo yakumbuyo ikayamba kulemera, galu yemweyo amasanduka chinthu chotopetsa. Phale lake limauma, malo ake a pakhonde amapatsidwa kwa kagalu katsopano, ndipo iye amangozungulira kudzala mpaka tsiku limene adzapezeka atafa kuseri kwa nkhokwe. Ena amachita kumkweza pa njinga n'kukamsiya kumsika wakutali kuti asadziwe njira yobwerera. Khalidwe limeneli ndi kusayamika, ndiponso limaika moyo wa anthu pangozi. Galu amene wakalambira pakhomo ayenera kusamalidwa kufikira imfa yake, chifukwa chisamaliro chimenecho anachigwirira ntchito, ndiponso chifukwa umoyo wa mudzi umapindula iye akakhala moyo.

NTCHITO IMENE SANALIPIDWE

Kuti munthu aone kukula kwa ngongole imeneyi, ayenera kuwerenga zimene galuyo wachita. Galu wa zaka 10 walonda pakhomo kwa mausiku oposa 3,000. Pamene eni nyumba anali m'tulo, iye anali kutchera khutu kukhola la mbuzi kuti fisi asayandikire, ndiponso kunkhokwe kuti mbala isatape chimanga. M'nyengo ya chimanga chachiwisi anapirikitsa anyani ndi apusi kumunda. Anaperekeza amayi kunkhuni ndi anyamata kubusa, ndipo nthawi zambiri ndiye anayamba kuona njoka iri m'njira. M'madera amene anthu amapita kuuzimba, akalulu ndi agwape ambiri amene banja linadyera nsima anagwidwa ndi iye. Mlonda wolembedwa ntchito amalandira malipiro mwezi ukatha, ndipo akakalamba amapatsidwa kangachepe kopita nako kumudzi. Galu analandira nkhoko za mumphika ndi mafupa, ndipo sananyanyale ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Makolo anaiona nzeru ya galu wachikulire, ndipo anasiya mwambi wakuti galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu umalangiza achinyamata kuti azimvera akuluakulu, koma unachokera pa zimene alenje anali kuona ndi maso. Kagalu kamakumba una uliwonse, pamene wamkota akayamba kukanda pansi ndiye kuti m'menemo muli nyama. Pakhomo ziri chimodzimodzi. Kagalu kamauwa mphaka, tsamba ndi mthunzi wake womwe, mpaka anthu amaleka kukamvera. Wamkota amadziwa mapazi a anthu onse a m'mudzi, ndipo akauwa pakati pa usiku mwini nyumba amatenga nyali n'kutuluka. Ngakhale maso ndi makutu zitayamba kufooka, mphuno yake kawirikawiri imagwirabe ntchito bwino. Choncho si zoona kuti galu akakalamba ndiye kuti watha ntchito.

UBWENZI WA MUNTHU NDI GALU

Munthu akafuna kunyoza mnzake amamtchula galu, ndipo ena amaganiza kuti kukonda chiweto chotere ndi khalidwe lachilendo lochokera kunja. Komabe mabanja omwewo amapatsa agalu awo maina, ena mwa mainawo onena za kukhosi kwa mwini wake, ndipo ana amalira galu wawo akagundidwa ndi galimoto. Ng'ombe ndi mbuzi zimasungidwa kuti zidzagulitsidwe kapena kudyedwa, koma galu amasungidwa kuti akhale ndi anthu. Iyeyu ndiye chiweto chimene munthu anayamba kuweta, asanadziwe n'komwe kulima.

Mu 1914 anthu okumba miyala ku Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, anapeza manda a mwamuna ndi mkazi amene anaikidwa pamodzi ndi galu zaka pafupifupi 14,000 zapitazo. Akatswiri atapimanso mano a galuyo, anafalitsa mu 2018 kuti anafa ali ndi miyezi pafupifupi 7, atadwala kwa masabata angapo nthenda yoopsa ya agalu yotchedwa distemper. Galu wodwala chotero sangakhale moyo nthawi yonseyo popanda wina womfunditsa, kumpatsa madzi ndi kumdyetsa. Anthu akale amenewo, amene anali kudya zosaka ndi zotola m'thengo, anasamalira nyama imene sikanatha kuwasakira kanthu. Motero chifundo kwa galu wopanda mphamvu ndi chakale kuposa khasu.

Ubwenzi umenewu umaonekanso m'thupi. Mu 2015 akatswiri a ku Japan anaonetsa kuti galu ndi mwini wake akamayang'anana m'maso, m'matupi a onse awiri mumachuluka oxytocin, timadzi timene timathandizanso mayi ndi khanda lake kukondana. Ku Sweden, kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anatsatira anthu oposa 3,400,000 kwa zaka zofika 12, ndipo anapeza kuti mwa anthu okhala okha m'nyumba, imfa inali yochepa pakati pa amene anali ndi agalu poyerekeza ndi amene analibe. Kafukufukuyo satsimikiza kuti galu ndiye mankhwala, popeza mwina anthu athanzi ndiwo amakonda kusunga agalu. Koma n'zosavuta kuona kuti mwini galu amayendayenda, amadzuka ali ndi chochita, ndipo sakhala yekha.

Zimenezi ziri ndi tanthauzo m'midzi imene ana anapita kukagwira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, n'kusiya makolo okalamba ali okha. Kwa gogo wamasiye, galu amene wakalamba naye pamodzi ndiye amamlandira akachokera kumunda, ndiye amagona pakhomo la nyumba yake, ndipo ndiye amauwa n'kudzutsa anansi usiku kukachitika kanthu. Kusungulumwa kumafooketsa okalamba, kumawachotsera tulo ndi chilakolako cha chakudya. Achibale amene amabwera pa tchuthi n'kunena kuti galu ameneyu watha, achotsedwe, ayenera kuyamba afunsa kuti akachoka gogoyo adzatsala ndi yani.

KHOMA LOTCHINGA CHIWEWE

Chifukwa chachikulu chimene nkhaniyi ikukhudzira umoyo wa anthu ndi chiwewe. Nthendayi imayamba ndi kachirombo kokhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pa bala kamayenda m'mitsempha mpaka kukafika ku bongo, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka, pafupifupi wodwala aliyense amamwalira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chirichonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 10 aliwonse ofa nacho, 4 ndi ana osakwana zaka 15, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu.

Njira yothetsera nthendayi ndi yodziwika. Agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akalandira katemera, kachiromboka kamasowa podutsa, monga momwe moto wolusa umazimira ukafika pamene anthu analambula. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto a Boma, linatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo ntchitoyi inabwerezedwa m'zaka zotsatira. Madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth anachitira umboni kuti ana obwera ndi chiwewe anachepa kwambiri kuyambira pamenepo. Mabungwe aakulu a zaumoyo wa anthu ndi wa ziweto anagwirizana kuti pofika 2030 munthu asafenso ndi chiwewe chochokera kwa agalu.

Chimene chimabwezera ntchitoyi m'mbuyo ndi chakuti agalu a m'midzi sakhalitsa. Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 13, ena kuposa apo, koma kafukufuku wa m'midzi ya ku Zimbabwe wofalitsidwa mu 2000 anaonetsa kuti agalu 7 mwa 10 aliwonse anali kufa asanakwane chaka chimodzi. Galu wamkazi amakhala ndi bere miyezi 2 yokha, ndipo angathe kuswa kawiri pa chaka. Motero alangizi a ziweto akatemera agalu m'mudzi, pakapita miyezi yochepa ambiri mwa otemeredwawo amakhala atafa kapena atatayidwa, ndipo m'malo mwawo mwalowa tiagalu timene sitinabayidwe. Chiwerengero chija cha 70 chimatsika, ndipo njira ya chiwewe imatsegukanso.

Apa ndi pamene phindu la galu wokalamba limaonekera. Ngati mwini wake anali wosamala, iye wabayidwa katemera chaka ndi chaka, ndipo paja mphini yobwereza imawala: chitetezo cha m'thupi mwake n'chokhazikika kuposa cha galu wobayidwa kamodzi. Sakondanso kuyendayenda kapena kukamenyana ndi agalu a midzi ina. Galu wachiwewe akalowa m'mudzi n'kumluma, kawirikawiri nthendayo simlowa, ndipo siipeza njira yofikira kwa ana a pakhomo, ngakhale kuti mwini wake ayenerabe kupita naye kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Banja limene limataya galu wotere n'kutenga kagalu kosabayidwa lachotsa njerwa yolimba pa khoma n'kusiya mpata. N'chifukwa chakenso a WHO amanenetsa kuti kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe.

Galu wotayidwa amasanduka ngozi ina. Njala imamtuma kumisika, kumalo ophera nyama ndi kumadzala a masukulu, kumene amalimbana ndi agalu opanda eni ake. Tsiku la katemera likafika palibe womgwira chingwe kupita naye. Akaluma mwana, palibe amene angaonetse chiphaso cha katemera kapena kumsunga kuti aonedwe ngati akudwala, ndipo makolo a mwanayo amayamba kuyenda m'zipatala kufunafuna jekeseni amene nthawi zina sapezeka pafupi. Vuto limene banja limodzi linathawa lagwera mudzi wina.

KUSIYANITSA UKALAMBA NDI CHIWEWE

Agalu ena okalamba amaphedwa chifukwa cha mantha, anthu ataona kuti akuchucha dovu kapena akudzandira poyenda. Mpofunika kudziwa kusiyana kwake. Ukalamba umayamba galu akafika zaka 7 kapena 8, msanga kwa agalu a matupi aakulu ndi mochedwa kwa ang'onoang'ono, ndipo umabwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka. Imvi zimatuluka kukamwa, m'maso mumachita ngati mwalowa chifunga, makutu amagontha, mano amagwedera n'kununkha, ndipo nyamakazi imamvutitsa podzuka, makamaka m'mawa kukazizira. Amagona nthawi yaitali, ndipo ena okalamba kwambiri amayamba kuiwala monga amachitira anthu, n'kuima pabwalo osadziwa kolowera. Koma amadya, amamwa madzi, ndipo akaitanidwa pafupi amagwedeza mchira.

Chiwewe chimabwera mwadzidzidzi. Galu amene dzana anali bwinobwino amasintha khalidwe. Wofatsa amayamba kulusa n'kuluma mitengo, miyala ndi chirichonse chimene chadutsa, mawu ake amasasa, ndipo amathawa pakhomo. Wina salusa konse, koma chibwano chimangolendewera, amalephera kumeza, ndipo miyendo imafa. Mtundu umenewu ndi umene umanyenga anthu, chifukwa amaganiza kuti watsamwa fupa n'kupisa dzanja m'kamwa mwake. Munthu asachite zimenezo. Galu wachiwewe amafa pasanathe masiku 10 chiyambire zizindikiro. N'chifukwa chake galu woluma munthu amamangidwa ndi kuonedwa kwa masiku 10, akupatsidwa chakudya ndi madzi, alangizi a ziweto atadziwitsidwa.

Wolumidwayo asadikire masiku amenewo. Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo akhale wa pakhomo ndiponso wokalamba. A chipatala ndiwo adzaone ngati jekeseni akufunika. Zitsamba, phulusa kapena mchere zothiridwa pa bala siziteteza munthu ku chiwewe.

KUYAMIKA KOONEKA NDI MASO

Galu sadziwa mawu akuti zikomo. Chiyamiko chimene angachimve ndi cha m'phale ndi cha pogona. Popeza mano atha, nsima yake ikhale yofewa, yonyikidwa m'msuzi, ndipo ya mgaiwa ndi yabwino kuposa ya ufa woyera. Nsima yokha simkwanira. Mitu ya usipa kapena matemba, nyemba zophika bwino, dzira kapena maungu otsala zimampatsa mphamvu. Adye pang'ono kawiri pa tsiku, ndiponso payekha, chifukwa agalu aang'ono amamlanda. Mafupa ophika a nkhuku amasweka n'kukhala ngati minga, ndipo angaboole matumbo. Anyezi ndi adyo zikachuluka zimaononga magazi a galu. Zam'kati za mbuzi kapena ng'ombe asapatsidwe zosaphika, makamaka chiwindi ndi mapapo okhala ndi timatumba ta madzi, popeza m'menemo muli njoka zimene zimakulira m'matumbo a galu, mazira ake n'kudzadwalitsa anthu.

Madzi oyera akhale m'mbale yake nthawi zonse. Galu wa makilogalamu 15 amafuna pafupifupi lita imodzi pa tsiku, ndi kuposa apo m'chirimwe. Galu satuluka thukuta monga munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lirime liri kunja, ndipo wokalamba angafe ndi kutentha kwa mu Okutobala kumadera monga Nsanje, Chikwawa ndi Salima ngati wamangidwa padzuwa. Akayamba kumwa madzi ambiri modabwitsa ndi kukodza kawirikawiri, mwina impso zafooka kapena ali ndi shuga, ndipo aonedwe ndi a zaziweto. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, ku Dedza, ku Mzimba ndi kumene kumagwa chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje, nyamakazi imawawa kwambiri. Chiguduli chouma pakhonde pamene sipafika mphepo chimkwanira. Chizichapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, ndipo pogona pake pazisesedwa, chifukwa ntchentche yobala mphutsi zolowa pakhungu imaikira mazira pa dothi ndi nsalu zonyowa ndi mkodzo.

Nkhupakupa ndi nthata zimakonda galu wofooka. Zimayamwa magazi ndi kufalitsa matenda, choncho azisambitsidwa ndi mankhwala amene alangizi a ziweto anena, pa muyeso umene anena, popeza mankhwala a dibi la ng'ombe akachuluka amapha galu. Mankhwala a njoka zam'mimba aperekedwe miyezi 3 iriyonse, ndipo zonyansa zake zizichotsedwa pabwalo n'kuponyedwa m'chimbudzi, chifukwa mazira a njokazo amakhala m'dothi limene ana amasewerapo. Aliyense wogwira galu asambe m'manja ndi sopo asanadye. Mankhwala a anthu asaperekedwe kwa galu ndi munthu wongoganizira. Brufen amaononga m'mimba ndi impso zake, ndipo Panado akapitirira muyeso amaononga chiwindi. Paja safunsa anadya phula. Kumene kuli madokotala a ziweto, kapena mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre, kumapezeka mankhwala ochepetsa ululu opangidwira agalu.

Ana aphunzitsidwe kukhala naye. Galu wogontha kapena wosaona bwino amadzidzimuka munthu akamkhudza ali m'tulo, ndipo wa nyamakazi amamva kuwawa mwana akamkwera pamsana. Angalume, ngakhale pa moyo wake wonse sanalumepo munthu. Mwana aziyamba wamuitana kapena kuponda pansi mwamphamvu kuti galuyo adziwe kuti kukubwera munthu, asamgwire pamene akudya, ndipo khanda lisasiyidwe lokha ndi galu aliyense. Katemera nayenso asalekedwe chifukwa chakuti galu wakalamba. Ngati sangathe kuyenda mpaka kumalo otemerako, anyamulidwe pa wilibala kapena m'dengu pa njinga, ndipo chiphaso chake chisungidwe pamodzi ndi makadi a sikelo a ana.

Pali china chimene sichigulidwa, ndicho kukhala naye pafupi. Galu wokalamba amafunabe kuyenda, ngakhale mtunda waufupi, chifukwa kugona tsiku lonse kumaumitsa mafupa ndi kufooketsa minofu. Ulendo wa kudimba m'mawa dzuwa lisanakule umkwanira, ndipo woyenda naye achepetse liwiro. Asamangidwe pa unyolo usana ndi usiku. Kumsisita kamodzi pa tsiku kumamkhazika mtima pansi, ndiponso ndi njira yopezera msanga nkhupakupa, zironda ndi zotupa. Ngati banja lifuna kagalu katsopano palibe choletsa, malinga wamkuluyo asalandidwe phale ndi pogona pake. Kagaluko kadzaphunzira kwa iye malire a pakhomo ndi anthu oyenera kuwauwa.

AMENE AMATI CHAKUDYA N'CHOCHEPA

Pali anthu amene anganene kuti m'dziko limene mabanja ambiri amagona ndi njala m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, n'kulakwa kulankhula za msuzi wa galu. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo palibe amene akunena kuti mwana alandidwe mtanda wa nsima kuti galu adye. Munthu ndiye woyamba. Komabe zambiri mwa zimene zatchulidwazi sizifuna ndalama: madzi, mthunzi, chiguduli chakale, mkute, gaga ndi mitu ya nsomba. Pa masiku amene alangizi amaitanitsa agalu onse a m'dera, katemera kawirikawiri amaperekedwa ulere. Banja limene likuti liribe chakudya cha galu wokalamba, koma mawa lake likutenga tiagalu tiwiri, vuto lake si njala. Nzeru ndi kusunga agalu ochepa amene banja lingathe kuwadyetsa mpaka ukalamba, ndi kupita ndi aakazi kwa dokotala wa ziweto kuti awatseke kubereka.

Pali phindu linanso losaoneka msanga. Mwana amaphunzira poona. Akaona kuti pakhomo pawo chimene chatha mphamvu chimamanidwa chakudya n'kukatayidwa kutali, phunzirolo amalisunga, ndipo mtima wouma umene waphunzira pa galu sudzathera pa galu pokha. Munthu ndi galu sangafanane ulemu, koma chifundo ndi chimodzi, ndipo chimakula ndi kuzolowera. Mwana amene wapatsidwa udindo wothira madzi m'mbale ya galu wokalamba m'mawa uliwonse akuphunzira kuti amene anatumikira banja saiwalika akafooka. Lamulo la dziko lino loteteza nyama nalonso limaletsa kuzimenya mwankhanza ndi kuzizunza popanda chifukwa.

TSIKU LOTSIRIZA

Imafika nthawi imene chisamaliro sichithanso kuchotsa ululu. Galu sangadzuke, wakana chakudya ndi madzi kwa masiku, kapena chotupa chaphulika ndipo sichipola. Pamenepo chifundo ndicho kuitana dokotala wa ziweto, amene ali ndi jekeseni wogonetsa nyama mpaka kufa popanda kumva kuwawa. Kumthirira tameki kapena mankhwala a makoswe m'chakudya ndi nkhanza, popeza amafa ndi ululu waukulu, ndiponso chakudya chotsalacho chingadyedwe ndi nkhuku, agalu a anansi, ngakhale mwana wokwawa. Kumpachika, kumgenda miyala kapena kumponya mumtsinje sikuyenera kuchitika m'mudzi wa anthu.

Akafa akwiriridwe m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime, mjigo ndi mtsinje, kuti afisi ndi agalu ena asamfukule ndiponso kuti madzi asaipitsidwe. Wokwirira asamgwire ndi manja opanda kanthu, ndipo akatha asambe ndi sopo. Ngati wafa mwadzidzidzi atasintha khalidwe, alangizi a ziweto adziwitsidwe asanakwiriridwe, chifukwa bongo wake ungafunike kukapimidwa. Ana ndi agogo akalira, asasekedwe. Amene wakhala ndi nyama zaka 10 kapena 12 ali ndi chifukwa chomvera chisoni, ndipo chisonicho chimapepuka pamene anthu a pakhomo akuchivomereza.

Nkhani imeneyi ndi yoyenera kukambidwa pa misonkhano ya mafumu, m'makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi m'masukulu, makamaka pa 28 Seputembala pamene dziko lonse limakumbukira za chiwewe. Tsikuli ndi limene Louis Pasteur, amene mu 1885 anatemera munthu woyamba katemera wa nthendayi, anamwalira mu 1895. Alangizi a zaumoyo akamayendera zimbudzi, mabafa ndi mathandala a mbale, angathe kufunsanso kuti galu wa pakhomo ali ndi zaka zingati, amagona pati, ndipo anabayidwa liti. Mudzi umene muli agalu ambiri a imvi, athanzi ndi okhala ndi ziphaso za katemera, ana ake amayenda m'njira ya kusukulu popanda mantha. Mwini galu wokalamba angayambe madzulo ano pofewetsa nsima ndi msuzi, kuyala chiguduli chouma pakhonde, ndi kufunsa alangizi a ziweto tsiku la katemera wotsatira.